Mbendera ya Dulma, Mbereko ya Tadala

Chisankho chochoka ndinachipanga mu 2003, ndipo palibe amene anandikakamiza. Ndinali ndi dipuloma ya unamwino, ntchito pa chipatala china cha mishoni ku Dedza, ndi mwana wamkazi wa zaka zinayi, Tadala, amene bambo ake anali atatisiya kalekale. Malipiro ankatha mwezi usanafike pakati. Anzanga a m'kalasi ankapita ku Mangalande mmodzimmodzi, ndipo amene anapita ankamanga nyumba ku Lilongwe eni ake ali kutali. Ndinaziyeza zonsezi monga ndimayezera mankhwala, ndipo mbali yochoka ndiyo inalemera.

Chimene chinapeputsa chisankhocho ndi mwambo wathu. Kwathu mwana sakhala ndi mayi mmodzi: mkulu wa mayi ake ndi amayi aakulu, mng'ono wawo ndi amayi aang'ono. Achemwali anga aakulu, a Esinati, amene ankagulitsa kaunjika ku Area 25, anali ndi ana aamuna okhaokha.

"Pita, Felesiya," anatero. "Ukudandaula chiyani? Mwanayu si wanganso? Zaka ziwiri si kanthu."

Pabwalo la ndege Tadala anagona kumsana kwanga. Ndinamumasula pang'onopang'ono, ndi kumupereka kwa achemwali asanadzuke. Chitenje chimene ndinkamuberekera kuyambira ali khanda, chobiriwira, cha maluwa achikasu ofwifwa, ndinachipinda ndi kuchiika m'chikwama changa. Mantha anga anali amodzi okha, ndipo sanandichoke zaka zonse zimene zinatsatira: kuti tsiku lina ndidzabwera, mwanayo osandidziwa kuti ndine mayi ake.

Ndinafikira ku Bolton. Mapepala ondilola kugwira ntchito ya unamwino anachedwa, kenako anafuna mayeso ena, kenako anafunanso ndalama zimene ndinali nditatumiza kale kumudzi. Ndinalowa ntchito m'nyumba yosungiramo okalamba, kusambitsa ndi kudyetsa makolo a anthu ena. Zaka ziwiri zija zinasanduka zitatu, kenako zinayi. Chifukwa chake n'chosavuta kuchifotokoza: mwezi uliwonse kunali chinthu kwathu chimene chinkafuna kuti ndikhalebe mwezi wina, kaya malata, kaya fizi, kaya mankhwala a amayi athu.

Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndinkagula khadi loimbira foni kunja. Chaka choyamba Tadala ankalira n'kumafunsa kuti ndibwera liti. Chaka chachiwiri ankandiimbira nyimbo za kusukulu. Pofika chaka chachitatu ankandipatsa moni waulemu ngati wa mphunzitsi, n'kudikira kuti ndimufunse mafunso. Tsiku lina ndinamumva akufuula atachotsa foni kukamwa kuti, "Amayi, akufuna inu!" Ankaitana a Esinati. Usiku ndinkagona chitenje chija chili pansi pa pilo, ngakhale fungo la mwana linali litachokamo kale.

Dulma anabwera kudzagwira nafe ntchito mu 2005, ndipo anatenga chipinda choyandikana ndi changa m'nyumba imene tinkachita lendi anthu angapo. Anali mkazi wamfupi, wa masaya otakata, wamphamvu zonyamula munthu wamkulu yekha. Okalamba ankamutchula kuti mtsikana wa ku China. Akawauza kuti ndi wa ku Russia ankaseka, ndipo iye anasiya kuwauza. Ife awiri tinkalankhulana m'Chingerezi chothyokathyoka, iye chake, ine changa. Dzina langa analidula n'kukhala Felya.

Tsiku loyamba kundiitanira m'chipinda chake anandiphikira tiyi wa mkaka wothira mchere. Asanamwe anatsegula windo, nawaza madontho pang'ono panja, ati n'zopatsa makolo. Pakhoma pamwamba pa bedi lake panali nsalu yokhomedwa ndi mapini. Theka la pamwamba linali la buluu, m'munsi mwake munali mzere woyera, ndipo pansi penipeni mzere wachikasu. Pa buluupo, chakumanzere, panali chizindikiro chachikasu: mwezi wongooneka kumene, pamwamba pake dzuwa lathunthu, pamwamba pa dzuwalo moto wa malilime atatu.

"Nsalu yokongola," ndinatero. "Kwathu chikanakhala chitenje chopitira kuukwati."

"Yesa kuivala m'chiuno uone," anatero akuseka. "Ndikutulutsira pawindo limodzi ndi tiyi. Imeneyi ndi mbendera, Felya. Ndi yankho langa kwa agogo aja onditcha wa ku China."

Anandifotokozera kuti mtundu wake ndi Aburiyati, ndipo dera lawo, Buryatia, lili kum'mawa kwa Russia, m'mbali mwa nyanja ya Baikal, kumalire ndi Mongolia. Buluu ndi thambo limene makolo awo ankalipembedza, komanso madzi a nyanjayo. Woyera ndi mtendere ndi mtima wopanda chinyengo, mtundu wa mkaka umene amalandirira nawo mlendo. Chikasu ndi chikhulupiriro chawo cha Chibuda ndi zinthu zosatha. Mwezi ndi tate wa mtundu wawo, dzuwa ndi mayi.

Mbiri yake anainena pang'onopang'ono, Lamlungu ndi Lamlungu, ndipo ine ndinaisonkhanitsa monga ndimasonkhanitsira mbiri ya wodwala. Iye anakulira pansi pa mbendera yofiira ya boma la Soviet. Agogo ake anaona akachisi awo akugwetsedwa. Makolo ake anaona liwu loti Mongol likuchotsedwa pa dzina la dera lawo. Iye mwini anapita kusukulu pa nthawi imene chinenero chawo chinali chitasiya kuphunzitsidwa, moti ankachimva koma ankayankha m'Chirasha, monga amachitira ana a Amalawi obadwira ku Manchester tikawalankhula Chichewa. Boma la Soviet litagwa, dera lawo linalandira mbendera yakeyake mu 1992. M'mudzi mwawo munalibe sitolo yogulitsa mbendera. Mayi ake anadula diresi lawo la buluu, nsalu ya pabedi ndi katani yachikasu, nasoka okha. Ndinayandikira ndi kuona kuti dzuwa silinali lozungulira bwinobwino, ndipo msoko unkakhotakhota pamene ulusi unathera n'kulumikizidwa ndi wina.

"Nanga moto uwu, malilime atatu n'chifukwa chiyani?" ndinafunsa.

"Akale, amene alipo, ndi amene akubwera," anatero, akuloza limodzilimodzi. "Ili ndi amayi anga. Ili ndi Bair, mwana wanga. Lapakatili, lalitalili, ndine. Kumudzi kwathu tsopano kuli agogo ndi ana okhaokha. Lapakati lili ku Moscow, ku Korea, ku Bolton, likusambitsa agogo a eni ake." Anaphimba lilime lapakati ndi chala chake. "Taona. Ukachotsa ili, awiriwa sakhudzana."

Dulma anamusiya Bair ali wamng'ono m'manja mwa agogo ake, zaka zambiri asanafike ku Bolton, monga ine ndinasiyira Tadala. Sitinkakamba zambiri za anawo, chifukwa aliyense ankadziwa za mnzake popanda kuuzidwa. Koma tsiku lina tikudikira basi pa mvula anati, "Felya, ndikafera kuno, mbenderayi ikafike kwa Bair. Iwe usakaisandutse siketi." Tinaseka. Ndinamuuza kuti anthu amphamvu ngati iye ndiwo amaika anzawo onse m'manda.

Anamwalira mu 2008, m'nyengo yozizira. Anagwa pamalo okwerera basi omwewo akupita ku shifiti ya m'mawa, mtsempha wa m'mutu utaphulika, ndipo sanatsitsimukenso. Ku Bolton analibe mbale ngakhale mmodzi. Amayi a mpingo wathu wa Amalawi, amene ankamudziwa chifukwa ankabwera nane kumaphwando athu n'kumadya chigumu ngati wobadwa nacho, ananena kuti maliro ndi athu. Anawatsogolera Mayi Kachingwe, namwino wamkulu pa chipatala china ku Liverpool, mayi amene palibe Mmalawi wa chigawo chimenecho anamwalirapo iwo osafikapo. Mayi ake a Dulma tinalankhula nawo pafoni kudzera mwa mnzathu wa kukhitchini wodziwa Chirasha. Kutumiza mtembo kunali kosatheka, choncho anapempha kuti utenthedwe, phulusa lokha lipite. Amayi a mpingo aja zinawavuta kumva, koma anagonja poti mwini mwana wanena.

M'mawa wa tsiku la mwambowo ndinalowa m'chipinda cha Dulma kuti nditenge mbendera ndiisunge. Pakhoma panali timabowo ta mapini basi. Ndinamanga m'chiuno chitenje cha Tadala, poti ndicho chitenje chokhacho chimene ndinali nacho ku Mangalande, ndipo mkazi wa kwathu sapita kumaliro wopanda chitenje. Ndinathamangira kunyumba yokonzera maliro, kumene ndinapeza amayi atazungulira bokosi, akuimba chapansipansi. Ndinagwada pafupi ndi Mayi Kachingwe ndi kuwafunsa za nsaluyo.

"Tamufunditsa dzulo, mwanangu," anatero. "Tinakaitenga ndi eni nyumba. Kumutentha akumutentha kale, ndiye apitenso wopanda nsalu ngati alibe anthu? Tinaona kuti ndiyo ankaikonda."

"Amayi, imeneyo si nsalu yofunda. Ndi mbendera ya kwawo. Anandiuza yekha kuti ikafike kwa mwana wake."

Nyimbo inaleka. Mayi Kachingwe anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Ndiye mukufuna tivule maliro? A Felesiya, inu ndi nesi, you know better, koma zinazi musamatichititse mantha. Nsalu yoti yagona pa mtembo mukufuna mukachite nayo chiyani?"

"Viza ikuvuta masiku ano," anatero mayi wina kumbuyo, mokweza ndithu kuti ndimve. "Anthu akuyesa njira zambiri."

Ena anaseka, ena anatseka pakamwa ndi dzanja. Ndinadziwa chimene ankatanthauza. Kwathu munthu wochotsa nsalu pa mtembo amamuganizira kuti akufuna chizimba, ndipo mbiri yotero ikakumata simatuka. Sindikuwaimba mlandu amayi amenewo. Anachita kwa mlendo chimene akanachita kwa mwana wawo, ndipo analibe njira yodziwira kuti nsalu ikhoza kukhala ya amoyo kuposa ya wakufa. Koma ndinkadziwanso kuti bokosilo likatuluka pakhomopo, mbendera imene mayi wokalamba anasoka ndi diresi lake isanduka utsi.

Ndinabwerezanso pempho langa, ndili chogwada.

"Chabwino," anatero Mayi Kachingwe potsiriza. "Mawu a womwalira sitikangana nawo. Koma mukachotsa, muikepo ina. Ife sitimutumiza wopanda kanthu."

Amayi onse anali ndi zitenje m'chiuno, koma palibe anasuntha. Nkhaniyo ndinaiyambitsa ndine, ndipo inayenera kuthera pa ine. Mzungu woyang'anira malowo anatsegula bokosi mwaulemu, ngati munthu amene anazolowera zopempha za mitundu yonse. Dulma anali atagona, buluu atamufika pachibwano, dzuwa lokhota lija lili pachifuwa chake. Ndinachotsa mbendera, ndinaipinda. Kenako ndinamasula chitenje cha Tadala, ndi kumufunditsa, ndi kuchipisa m'mbali mwa mapewa ake monga ndinkachitira ndi mwanayo kukazizira. Masana a tsiku lomwelo chinapsa naye limodzi.

Phulusa ndi mbendera zinapita ndi mtsikana wina wa kwawo amene ankaphunzira ku Newcastle ndipo ankabwerera kutchuthi. Patapita masabata angapo, mayi ake a Dulma anaimba foni kuti zafika. Mnzathu wa kukhitchini uja ankamasulira. Mayiwo analira, nathokoza, kenako anapereka foni kwa Bair, amene tsopano anali mnyamata wa mawu okhuthala. Ananena kuti zikomo. Kenako anafunsa funso limene womasulirayo anazengereza kulinena.

"Akufunsa ngati mayi ake anali ndi tsitsi lalitali kapena lalifupi."

Funso limenelo ndi limene linandichotsa ku Mangalande. Linkanditsatira pokwera basi, posambitsa okalamba, ngakhale pakati pa pemphero. Ndikatseka maso ndinkaona chala cha Dulma chikuphimba lilime lapakati. Amayi ena a mpingo anali atayamba kundipatsa moni wa patali, koma si chimene chinandipweteka. Ndinayezanso zonse monga ndinayezera pochoka, ndipo ulendo uno ndinaona kuti pa mulingo woyamba uja ndinaiwala kuikapo nthawi. Ndinkaganiza kuti mwana adzandidikira ali wa zaka zinayi.

Ndinafika ku Lilongwe chakumapeto kwa 2009. Nyumba ya achemwali ku Area 25 inali itakula ndi ndalama zimene ndinkatumiza: malata atsopano, mpanda wa njerwa, ndi chipinda chimene anati anamangira ine, ngakhale ndinachipeza chodzaza ndi mabelo a kaunjika. Mtsikana wamtali, wa nkhope ya amayi athu, anatuluka, nagwada patali pang'ono.

"Takulandirani, aanti."

"Aanti ati?" anakalipa a Esinati. "Iwe, awa ndi amayi ako!"

Tadala anayang'ana iwo, nayang'ana ine, ngati mwana amene wapatsidwa samu yoti sanaphunzire. Pachakudya anandithira madzi m'manja monga amachitira kwa alendo, kenako anafunsa mwaulemu kuti ndibwerera liti.

"Sindibwerera," ndinatero. "Ndabwereratu."

Achemwali anayang'ana m'mbale mwawo. Tili awiri pambuyo pake anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Nanga fizi ya anawa, Felesiya? Wayamba waganiza?" Sanafunse mwa nkhanza. Apo ndi pamene ndinamvetsa kuti pakhomopo ndinali ndi malo, koma malowo anali a munthu wokhala kutali. Dulma analakwitsa pa chinthu chimodzi. Kwathu lilime lapakati likachoka, moto sukhala ndi mpata. Wina amasendera n'kukhala pamenepo, ndipo mwambo umene unandilola kuchoka ndi mtima wopepuka ndi womwewo umene unatseka malo anga.

Mawa lake ndinatsegula masutikesi pamphasa. Anyamata a achemwali analandira nsapato zawo n'kuthamangira panja. Tadala analandira madiresi, chikwama cha kusukulu ndi chidole chimene ndinazindikira mochedwa kuti anali atachikulira. Anathokoza chilichonse, koma sanachoke. Anakhalabe chogwada mpaka sutikesi yomaliza inatha, kenako anasuzumiramo.

"Nanga chitenje changa chija?"

Ndinayang'ana achemwali. Iwo anafotokoza kuti masiku oyamba aja, mwanayo akalira usiku, ankamuuza kuti amako anatenga chitenje chako, amagona nacho, ndipo tsiku lobwera adzabwera nacho. Nkhope yanga anaiiwala, mawu anga anasanduka a pafoni, koma nkhani ya chitenjeyo anaisunga. Ndi chinthu chokhacho chimene ankadziwa motsimikiza za mayi amene anamubereka.

Ndikanatha kunama kuti chinatayika pa ndege. Ndikanathanso kupita kumsika kukagula chofanana nacho, koma mwana amene wadikira chinthu zaka zonsezo sapusitsidwa ndi nsalu yonunkha sitolo. Ndinamuuza zoona zonse. Ndinamuuza za Dulma, za tiyi wa mchere, za Bair. Ndinatenga kope lake ndi makrayoni, ndi kujambula mbendera: buluu, woyera, chikasu, mwezi, dzuwa, ndi moto wa malilime atatu. Ndinamuuza za bokosi, ndi zimene Mayi Kachingwe ananena.

Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anafunsa kuti, "Ndiye chitenje changa chili ku Russia?"

"Phulusa lake lili kumeneko."

"Munafunditsa mayi wa mwana wina."

"Inde."

Anadzuka, natenga madiresi ake, nalowa m'nyumba. Ndinamumva akuitana kuti, "Amayi, ndiike kuti izi?" ndipo a Esinati anamuyankha.

Ndinapeza ntchito pa kachipatala kena ku Area 49, ya malipiro amene ku Bolton ndikanawapeza pa masiku ochepa. Mabelo anachotsedwa m'chipinda chija, ndipo ndinalowamo. Kwa miyezi ingapo Tadala sankanditchula dzina lililonse. Akafuna kundilankhula ankabwera kudzaima pamaso panga kuti asachite kuitana. Ine sindinamukakamize. Ndinkamuluka tsitsi Loweruka, ndinkamuthandiza masamu, ndipo ndinkadikira, poti nayenso anandidikira.

Tsiku lina masana ndikuchapa yunifolomu yanga kuseri kwa nyumba, ndinamva mawu ake kuchokera pakhonde.

"Amayi aang'ono!"

Ndinaima, manja ali m'madzi. Pakhomopo panalibe mkazi wina amene akanaitanidwa choncho. Ndinapukuta manja, ndinapita. Anali atagona chafufumimba pa simenti, kope lili patsogolo pake, akujambula mbendera ija payekha. Buluu anali atapaka kale, ndi moto wa malilime atatu, lapakati lalitali kuposa anzake. Sindinamufunse kuti lapakatilo ndi ndani.

"Mwezi uja umakhala pamwamba pa dzuwa kapena pansi?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Pansi," ndinatero. "Umalinyamula."

Anafufuta, najambulanso. Ndinakhala pansi pambali pake, ndipo sanasunthe.

Amayi aang'ono ndilo dzina limene amandiitanira mpaka lero, ndipo ndimayankha.